Musanakoke galimoto yaing'ono kumbuyo kwa galimoto yaikulu yogonamo

Chingwe chisiyeni. Gwiritsani ntchito chitsulo chokokera, ndipo matcheni awiri apingasane pansi pake kuti chikamasuka chigwere pamenepo, osati paphula. Giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yotsitsa, kiyi mutembenuzeko pang'ono kuti chiwongolero chisakhome. Mukaiwala za kiyizi, pa raundabauti yoyamba matayala akutsogolo azingokhwekhwerezeka mpaka kudyeka.

Ya otomatiki ndiye chonde musayese n'komwe. Injini ikazima, pampu ya oyilo wa mugiyabokosi siyenda, zamkati zimatentha, ndipo mutha kuiwononga musanafike n'patali pomwe. Imeneyo ikwezeni pa tirela.

Lumikizani magetsi a mabuleki ndi maindiketa. Mukayenda makilomita 5 pa M1, imani muone ngati mapini a chitsulo chokokera sanasunthe. Kubwerera chambuyo ayi, masulani kaye.