Mukavulala pa ntchito ku Johannesburg, funsani kuti winanso wolakwa ndani

Ambiri a ife tikavulala pa ntchito timangodziwa njira ziwiri: kudandaulira abwana, kapena kudikira ndalama za Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ntchito. Koma ilipo njira yachitatu imene abale amaisiya chifukwa palibe anawauzapo. Ngati ngoziyo yadza chifukwa cha kusasamala kwa munthu kapena kampani imene sinakulembeni ntchito, mungathe kuisumira kuti ikupatseni chipukuta misozi, uku za Compensation Fund zikuyendanso. Ine ntchito yanga ndi ya pulasitala, koma kumpingo kwathu ku Rosettenville ndimaperekeza anthu pa nkhani zoterezi, ndipo zimandipweteka kuona munthu akukwera basi ya kumudzi ndi ndodo zoyendera, m'thumba mulibe kanthu.

Lamulo lake ndi COIDA, lamulo la ku South Africa la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, la nambala 130 la 1993. Ndime 35 imati wokulembani ntchito simungamusumire kukhothi chifukwa cha kuvulala, ngakhale atalakwa, poti m'malo mwake muli Compensation Fund. Ndime 36 ndiyo imakulolani kulondola wina aliyense amene wachititsa ngoziyo. Mungafunse kuti kuvutikiranji ndi makhothi ngati boma lilipira. Taonani zimene limalipira: mabilu a chipatala, 75 peresenti ya malipiro anu nthawi imene simukugwira ntchito, ndipo mukalumala ndi 30 peresenti kapena kucheperapo amakupatsani ndalama kamodzi basi, kuposera apo ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Za ululu umene mwamva salipira ngakhale senti. Kwa wolakwa uja mungafune ndalama za ululu, malipiro onse amene mwataya ndi amene mudzataye kutsogolo, komanso chithandizo chimene thupi lanu lidzafune mpaka kukalamba. Kudya kawiri ndiye ayi: khothi limaganizira zimene Compensation Fund yakupatsani kale, ndipo nayonso ili ndi ufulu wokatenga zake kwa wolakwayo.

Ntchito yaikulu ndi kudziwa kuti wolakwayo ndani. Pamalo omanga nyumba pamakhala makampani ambirimbiri, wina wa magetsi, wina wa scaffold, wina wobweretsa konkire, wina wa crane. Tonse timavala zipewa zofanana koma otilemba ndi osiyana. Achimwene ena a ku Mangochi anagwa pamalo ena ku Midrand thabwa la scaffold litapendeka, chiuno n'kuthyoka. Scaffold ija inamangidwa ndi kampani ina, osati imene inawalemba. Mnyamata amene ankawapondera matope anatulutsa foni nthawi yomweyo, n'kujambula thabwalo pamene linalibe chomangira, n'kujambulanso kachikwangwani kobiriwira kamene amapachika pa scaffold, kosonyeza dzina la kampani ndi tsiku limene anayendera. Pofika madzulo scaffold yonse inali itaphwasulidwa ndi kumangidwanso bwinobwino. Zithunzi za mnyamata uja ndizo zinali umboni wokhawo wotsala.

Amene munalowa ntchito kudzera kwa labour broker, kampani yolemba anthu n'kuwatumiza kukagwira ntchito kumakampani ena, mvetsetsani apa. Supreme Court of Appeal inagamula mu 2006, pa mlandu wa Crown Chickens ndi Rieck, kuti mayi amene anatumizidwa ndi broker angathe kusumira kampani imene ankagwirako, chifukwa pa lamulo la COIDA womulemba anali broker uja. Ndiye yang'anani dzina limene lili pa payslip yanu, mulifanizire ndi dzina limene lili pageti. Ngati ndi osiyana, muuzeni loya.

Enanso amene angakhale olakwa ndi kampani imene inakonza makina molakwika, mwini nyumba imene munatumidwako, ngakhale mwini galu. Kuno galu akaluma munthu wosamuputa, amene ali pamalo pomwe ali ndi ufulu wokhalapo, mwini wake amayankha mlandu. Anyamata operekera katundu m'makomo, sungani zimenezi. Koma manijala kapena foromani amene amayang'anira ntchito m'malo mwa abwana, lamulo limamuwerenga ngati abwana omwe. Iye akalakwa, njira ndi ndime 56, yopempha kuti Compensation Fund iwonjezere ndalama, ndipo pempholo liyenera kulowa pasanathe miyezi 24.

Ngozi ya galimoto ili ndi khomo lake. Mukagundidwa muli pa ntchito, kaya pa njinga yamoto mukupereka chakudya ku Sandton, kaya mukukonza msewu, dalaivala simumusumira payekha, mumapita ku Road Accident Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu. Pamafunika lipoti la apolisi ndi nambala ya galimotoyo ngati ikudziwika. Ngati galimoto kapena mwini wake akudziwika muli ndi zaka 3, koma ngati inathawa osadziwika ndi zaka 2 zokha. Ndalama za ululu kumeneko amapereka pokhapokha dokotala atalemba pa fomu ya RAF 4 kuti kuvulalako ndi kwakukulu.

Tsopano zochita tsiku la ngozi ndi masiku otsatira. Uzani abwana msanga, ndipo ngakhale mwawauza pakamwa, tumizaninso uthenga wa WhatsApp kuti patsale tsiku ndi nthawi. Iwo ayenera kukanena ngoziyo ku Compensation Fund pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2. Makampani ambiri omanga ali pansi pa FEM, a migodi ali pansi pa Rand Mutual, amene ndi a inshuwalansi olipira m'malo mwa Compensation Fund, choncho funsani kuti nkhani yanu yapita kuti ndipo nambala yake ndi chiyani. Musachedwe kuonetsetsa kuti nkhaniyo yalowa. Kuchipatala, kaya ku Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Baragwanath, nenani zoona kuti mwavulala pa ntchito, ndipo fotokozani mmene zachitikira. Abwana ena amanyengerera munthu m'galimoto popita kuchipatala kuti akanene kuti wagwa kunyumba. Musavomere, chifukwa mawu oyamba amene namwino walemba m'faelo adzawerengedwa kukhothi patapita zaka. Tchulani paliponse pamene pakupweteka, ngakhale pooneka pang'ono. Msana ndi khosi zimayamba kuvuta pambuyo pake.

Mboni zitengeni mayina ndi manambala, ndipo ngati ndi anzathu a kumudzi tenganinso nambala ya m'bale wawo wa ku Malawi, poti anthu kuno timasamuka ndi kusintha ma SIM kawirikawiri. Sungani malisiti a mankhwala, a taxi popita kuchipatala, ndi makalata onse a dokotala m'jumbo imodzi, muwajambulenso pafoni. Chovuta kwambiri kwa ife ndi umboni wa malipiro, chifukwa ambiri timalandirira pamanja. Kope limene mumalembamo masiku, mauthenga a abwana onena za ndalama, sitetimenti ya kubanki, ngakhale malisiti a Mukuru osonyeza zimene mumatumiza kumudzi mwezi uliwonse, zonsezi zimathandiza kuonetsa kuti munkapeza zingati.

Pakabwera munthu wa inshuwalansi kapena wa kampani yolakwa ija ndi envelopu ndi pepala loti musaine, musasaine musanalionetse kwa loya. Ndikudziwa kuti lendi siidikira ndipo ana kumudzi akufuna fizi. Koma pepala lotere nthawi zambiri limanena kuti nkhani yatheratu, ndipo mwendo ukadzafuna opaleshoni yachiwiri simudzabwereranso.

Nthawi ndiyo imapha milandu yambiri. Kusumira munthu kapena kampani wamba muli ndi zaka 3 malinga ndi Prescription Act ya 1969, ndipo kulemberana makalata sikuimitsa nthawiyo, masamoni ayenera kufika kwa wosumiridwayo. Ngati wolakwa ndi khonsolo ya mzinda kapena dipatimenti ya boma, monga mutagwera m'dzenje la mumsewu losatsekedwa mukugwira ntchito, lamulo la nambala 40 la 2002 limafuna kuti muwalembere kalata yowadziwitsa pasanathe miyezi 6. Miyezi 6 imatha munthu akadali pa ndodo.

Maloya ambiri a milandu ya kuvulala amagwira mwa pangano loti mudzawalipira mukapambana. Contingency Fees Act ya 1997 imati sangatenge kuposa 25 peresenti ya ndalama zanu, kapena kuwirikiza kawiri mtengo wawo wa masiku onse, ndipo pa ziwirizi amatenga chochepacho. Panganolo likhale lolembedwa, inu mutenge kope lanu. Funsaninso za ndalama za madokotala olemba malipoti, kuti adzalipira ndani mlandu ukakanika. Anthu oyendayenda m'mawodi ndi timakadi ta maloya asakukokeni. Dzina la loya mungalitsimikize ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya. Mlandu woposa R400 000 umapita ku High Court, imene kuno ili mu Pritchard Street, ndipo konzekerani mtima chifukwa zimatenga zaka.

Zinthu ziwiri zimene zimaopsa anthu athu. Choyamba ndi mapepala. Muuzeni loya wanu zoona zonse za pasipoti ndi permit kuyambira tsiku loyamba, chifukwa zokambirana zanu ndi zachinsinsi, ndipo dzina labodza kapena ID ya munthu wina pa faelo ya kuchipatala zimaononga mlandu kuposa permit yotha. Mu 2024 High Court ya ku Pretoria inathetsa malangizo amene ankafuna kuti mlendo ayambe waonetsa kuti ali m'dziko movomerezeka asanapemphe ndalama ku Road Accident Fund. Chachiwiri ndi kudziimba mlandu kuti nanenso ndinalakwa, sindinamange lamba. Kulakwa kwanu kumangochepetsa ndalama malinga ndi gawo lanu, sikufafaniza mlandu wonse.

Amayi ogwira ntchito m'nyumba, nanunso COIDA imakukhudzani kuyambira chigamulo cha Constitutional Court cha November 2020 pa mlandu wa Mahlangu, choncho zonse ndalembazi ndi zanunso.

Ngati mwaganiza zokachirira kumudzi, musanyamuke musanaonane ndi loya. Madokotala amene amayeza kukula kwa kulumala ali kuno, ndipo mungafunike kubwera kudzaonekera kukhothi. Siyani nambala ziwiri zimene zimagwira ku Malawi, gwirizanani za akaunti imene ndalama zidzalowe, ndipo funsani pasadakhale kuti ndi mapepala ati amene mungasainire muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre.