Mwalandira akaunti ya imelo, koma dzina likuonekabe la mwini wakale

Mlembi wasiya ntchito, imelo ya ofesi yaperekedwa kwa wina, koma makalata akufikabe kwa anthu ndi dzina la uja anachoka. Kusintha pasiwedi sikukhudza dzinalo ngakhale pang'ono. Pamzere wa From, umene umaonetsa wotumiza kalata, pamakhala zinthu ziwiri: adiresi, ndi dzina loonekera limene pulogalamu yotumizira imalemba pa kalata iliyonse ikamatuluka.

Mu Gmail, pa kompyuta, dinani kagiya kali pamwamba kudzanja lamanja, musankhe See all settings, kenako Accounts and Import. Pa Send mail as dinani edit info, lembani dzina latsopano ndi kusunga. Mupitenso ku myaccount.google.com, pa Personal info, mukasinthe dzina ndi chithunzi. Akaunti ikakhala ya bungwe, monga ya Google Workspace kapena Microsoft 365, mwina simuloledwa kusintha nokha. Auzeni oyang'anira makompyuta pabungwepo. Mu Outlook ya kuntchito, buku la maadiresi losungidwa pa kompyuta limatha tsiku kapena masiku awiri lisanaonetse dzina latsopano.

Ambiri amathera pamenepa, ndiye vuto limapitirira. Pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta ya Thunderbird, kapena pulogalamu ya Mail ya pa iPhone yolumikizidwa kudzera pa IMAP (njira yolumikizira pulogalamu ya imelo ku akaunti), imasunga dzina lakelake. Mukonza pa kompyuta, koma kalata yochokera pafoni ya ofesi ituluka ndi dzina lakale lija. Chipangizo chilichonse chimene chimatumiza makalata chikonzedwe pachokha.

Palinso mbali imene simungaifikire. Ngati wolandira anasunga adiresiyo pafoni yake ndi dzina la mlembi wakale, pulogalamu yake nthawi zambiri imaonetsa dzina limene iye anasunga, osati limene inu mwatumiza. Apa n'kungomupempha kuti akonze. Makalata amene anatumizidwa kale sasintha.

Kuti mutsimikize, tumizani kalata ku akaunti ya Gmail imene sinalemberanepo ndi adiresiyi. Itsekuleni, dinani timadontho titatu, musankhe Show original, muwerenge mzere wa From. Dzina lili pamenepo ndilo likutulukadi.

Musanatseke, onani siginecha yapansi pa kalata, uthenga wodziyankha wokha, ndi adiresi ya Reply-to, kumene mayankho a makalata anu amapita. Chofunika koposa ndi nambala ya foni yobwezeretsera akaunti komanso Forwarding, imene imapititsa makalata obwera ku adiresi ina: zikatsala za mwini wakale, akhoza kumalandirabe makalata anu kapena kulowanso mu akauntiyo.