Musanabuke holide ya pachilumba, yang'anani kaye mwezi

Anthu ambiri akamakonza holide ya pachilumba cha kotentha, kaya ndi Zanzibar, Mauritius, Maldives kaya uko ku Caribbean, mutu wonse umakhala pa za masana, kusambira, kujambulitsa pamchenga, kukwera boti basi. Koma tawerengani bwino, kufupi ndi equator usiku umakhala wa maola pafupifupi 12 chaka chonse, ndiye kuti theka la ndalama zimene mwalipira zija mwalipirira mdima. Nde mungokathera mdima wonsewo m'chipinda mukusinthasintha matchanelo a TV? Ayi abale, tiyeni tikambirane.

Chinthu choyamba, ndipo ndi chimene ine ndinaphunzira nditapsa kale, usiku wa pachilumba umayendera mwezi ndi madzi, pulogalamu ya hotelo imabwera pambuyo. Ulendo wanga woyamba ndinalipira boti lokaona madzi owala usiku aja, ndinali nditaonera mavidiyo ambirimbiri mafunde akuyaka buluu ngati magetsi, nde tsiku limene ndinasankhalo mwezi unali wathunthu, mbee ngati masana. Tinazungulira maola awiri, gaidi akutiuza kuti vundulani madzi ndi dzanja, ife kuvundula, palibe chooneka, mwina kakuthwanima kamodzi kawiri ukaphimba ndi chipewa. Amene anatigulitsa matikiti aja ankadziwa bwinobwino koma sananene kanthu, ndalama zinapita choncho.

Ndiye musanagule tikiti ya ndege tsegulani kalendala ya mwezi pa intaneti, n'zaulere. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pa mdima kudzafikanso pa mdima. Ukakhala wathunthu umatuluka nthawi imene dzuwa likulowa n'kuwala usiku wonse. Kuchokera pamenepo umachedwa kutuluka ndi maminitsi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo apa ndi pamene pali kachinsinsi: mukafika pachilumba patatha masiku atatu kapena anayi mwezi utakhala wathunthu, mumapeza zonse ziwiri, mdima wa ndiweyani kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka cha m'ma 9, kenako mwezi n'kutuluka m'madzi uli wofiira, waukulu ngati mungaugwire. Pakatha sabata umatuluka pakati pausiku, ndiye madzulo onse ndi anu. Koma mwezi ukamakula, uja wooneka kale kumwamba dzuwa likamalowa, umenewo ndi umene umasokoneza, chifukwa ofuna mdima amayenera kudikira mpaka ulowe ndipo tsiku lililonse umachedweracheredwa.

Za kulowa kwa dzuwa sindichedwapo, aliyense amakonda. Chongoti mudziwe n'choti kumeneko sizichedwa, dzuwa likangokhudza madzi pamatha maminitsi awiri okha kapena atatu kuti limire, ndipo pakatha ngati theka la ola kwada. Ndiye musamati ndikasambe kaye, mukapeza zatha. Funsani kuti gombe loyang'ana kumadzulo lili mbali iti, chifukwa hotelo yanu ikakhala kum'mawa kwa chilumba dzuwa lidzalowera kuseri kwa mitengo inu osaona kanthu. Kukakhala kopanda mitambo yang'anitsitsani pamene kachidutswa komaliza ka dzuwa kakumira, nthawi zina kamasanduka kobiriwira kwa sekondi imodzi kapena awiri, amati green flash. Musaliyang'ane likadali m'mwamba, muwononga maso. Nthawi yomweyo kwezaninso maso ku mitengo, ku Seychelles ndi ku Maldives mileme ikuluikulu yodya zipatso imakhala ikuuluka, ukaiona koyamba umaganiza kuti ndi akhwangwala.

Kachisisira komweko ndi nthawinso ya udzudzu. Masana mphepo imaomba kuchokera kunyanja kubwera kumtunda, usiku imatembenuka n'kumachokera kumtunda, nde pakati pakepo pamakhala bata ndipo udzudzu umapezerapo mwayi. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, aja okhala ndi DEET kapena picaridin, musanatuluke osati mutalumidwa kale, ndipo valani malaya opepuka a manja aatali. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana ndi chakumadzulo, wa malungo usiku, ndiye palibe shifiti yopuma. Kamphepo kochokera kumtunda kaja mukakumbukirenso mukakhala pa kayak, kabwato kopalasa ndi nkhafi, usiku, kamakukankhirani kunyanja pang'onopang'ono inu osazindikira.

Tsopano za madzi owala zija. Zimene zimawala ndi tizamoyo ting'onoting'ono kwambiri toyandama m'madzi, tambiri mwa ito timatchedwa dinoflagellate, ndipo timathwanima tikagwedezeka. Malo otchuka ndi monga Mosquito Bay pachilumba cha Vieques ku Puerto Rico, Luminous Lagoon kufupi ndi Falmouth ku Jamaica, ndi gombe la Vaadhoo ku Maldives. Ku Mosquito Bay kusambira n'koletsedwa, mumangopalasa kayak, ndipo amapempha kuti musadzole mankhwala a DEET chifukwa amapha tizamoyo tomweto, ndiye tsiku limenelo dalirani zovala zazitali. Kwina monga ku Maldives zimadalira mwayi, lero zilipo mawa kulibe, palibe angakulonjezeni.

Ulendo wachiwiri ndinasankha usiku wopanda mwezi, ndipo sindinalipire n'komwe boti, tinangoyenda wapansi kutali ndi magetsi a hotelo. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako nditaponda pamchenga wonyowa, kuzungulira phazi langa kunathwanima timadontho tabuluu ngati ndaponda ziphaniphani, n'kuzima. Nditatunga madzi m'manja timadontho tija tinatsalira pazala ndi pa ubweya wa pamkono, kenako kansomba kanadutsa pafupi kakusiya mzere wowala kumbuyo kwake. Mnzanga anatulutsa foni kuti ajambule, sikirini kungoti ng'aa, tonse maso kufa, zonse zinasowa kwa kanthawi ndithu. Maso amafuna maminitsi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo kuwala kwa foni kumafafaniza zonsezo nthawi imodzi. Ikani foni m'thumba. Zithunzi zokongola mumaona pa Instagram zija zambiri amajambula ndi kamera yoimika pa tripod, foni yanu ikupatsani chithunzi chakuda bii basi.

Poti maso azolowera kale, gonani chagada pamchenga. Pachilumba chaching'ono chopanda magetsi ambiri mlalang'amba wa Milky Way umaoneka ngati utsi wodutsa pakati pa thambo, makamaka kuyambira May mpaka September. Kufupi ndi equator mumaona nyenyezi za mbali zonse ziwiri za dziko, Southern Cross chakumwera, ndipo cha m'ma December mpaka March nyenyezi za Akamwiniatsatana zimadutsa pamutu penipeni madzulo, za Nsangwe zili patsogolo pake. Ngati mukufuna app yokuuzani mayina, iikeni pa kuwala kofiira, zambiri zili ndi batani lake.

Kuwala kofiira n'kofunikanso pa nkhani ya akamba am'nyanja, ndipo apa ndilankhula molimba pang'ono. Kamba wamkazi amatuluka usiku kudzakumba dzenje ndi kuikira mazira pafupifupi 100, n'kukwirira, ndipo amaswa pakatha miyezi iwiri kapena kuchepera pang'ono. Mukamuwalitsa ndi tochi yoyera asanayambe kuikira amatha kubwerera m'madzi osaikira. Tiana take tikatuluka timalowera kumene kukuwala kwambiri, mwachilengedwe kumeneko kumakhala kunyanja, nde fulashi yanu kapena nyali ya pa bala imatitembenuza n'kumapita kumtunda kumene nkhanu ndi mbalame zikudikira. Pitani ndi gaidi wovomerezeka, khalani kumbuyo kwa kambayo, osamugwira, osanyamula tiana ngakhale tikukumvetsani chisoni bwanji. Nyengo yake imasiyana chilumba ndi chilumba, funsani musanapite.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi chakuti nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa, malo ambiri kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi maminitsi 25, ndipo nayonso nthawi yake imasuntha ndi maminitsi 50 tsiku lililonse poti ndi mwezi womwewo umene ukukoka madzi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima madzi amakwera kwambiri komanso kuphwa kwambiri. Kum'mawa kwa Zanzibar nyanja ikaphwa imathawa mtunda wautali moti umayenda osaifika msanga, koma ikamabwerera sikuti imachita kugogoda. Ine silipasi zanga zinapita nazo, ndinazisiya pouma ndithu, pobwera ndinapeza madzi okhaokha. Silipasi n'zochepa, choopsa ndi kuzungulira thanthwe madzi ataphwa n'kupeza njira yobwerera yatsekeka usiku. Onani tebulo la nthawi za madzi, ku risepushoni amakhala nalo, nyamukani madzi akamaphwa ndipo bwererani asanayambe kukwera. Valani nsapato za m'madzi chifukwa minga ya sea urchin, kanyama kaminga ka m'nyanja, ikathyokera kuphazi holide yathera pomwepo. Mukawalitsa tochi pansi mudzaona nkhanu zotuwa zikuthamanga cham'mbali n'kulowa m'maenje, ndi tina tobisala m'zigoba za nkhono tikukwawa nazo, ana amasangalala nazo kuposa swimming pool.

Amene mumatha kusambira ndipo mtima ndi wolimba, ku Kona pachilumba chachikulu cha Hawaii kuli snorkel yausiku, kusambira mukupumira m'kapaipi nkhope ili m'madzi, yoonera nsomba za manta ray. Mumagwira bolodi loyandama lokhala ndi magetsi oloza pansi, magetsiwo amakopa tizamoyo tating'ono tija, nde ma manta, ena otambalala mamita atatu ndi kuposa, amabwera kudzadya akugudubuzika pansi pa mimba yanu penipeni. Saluma ndipo alibe mbola, koma kuwagwira n'koletsedwa. Zimenezi zokha ndiye kusambira kwausiku kumene ndingavomereze, kokhala ndi boti, gaidi ndi jekete loyandamitsa. Zoti mwamwa mabotolo atatu nde mukuti tiyeni tikadumphe m'madzi, iyayi, mafunde okokera kunyanja sawoneka usiku ndipo wopulumutsa anthu anaweruka kalekale.

Si usiku uliwonse umene muyenera kukhala mumdima, tsiku la mwezi wowala lija ndi labwino kupita kwa anthu. Ku Stone Town ku Zanzibar dzuwa likalowa paki ya Forodhani Gardens imadzaza ndi ophika, sankhani chimene akukuphikirani inu mukuona osati chimene chakhala patebulo kuyambira madzulo, ndipo gwirizanani mtengo musanadye. Ku Mauritius funsani kumene kuli gule wa sega, bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wake wa zachikhalidwe mu 2014, ku Seychelles kuli moutya yovina mozungulira moto imene inalowa pa mndandanda womwewo mu 2021, ku Maldives ng'oma za boduberu. Dziwaninso kuti ku Maldives mowa umapezeka makamaka m'maresort, pazilumba zokhala eni dziko n'koletsedwa, nde musakavutitse anthu.

Ndipo musanachoke funsani kuti boti kapena takisi yomaliza imanyamuka nthawi yanji, zilumba zing'onozing'ono zimagona msanga ndipo netiweki imatha kukutayani. Uzani a pa risepushoni kumene mwalowera, foni ikhale yodzaza, tochi yeniyeni m'thumba osati ya pafoni yokha, ndi ndalama pang'ono za m'manja chifukwa woyendetsa boti wa 11 koloko usiku alibe kamakina ka khadi.