Setting spray: mmene imagwirira mekapu komanso kusankha yoyenera khungu lanu

Ambiri tikamagula setting spray timangowerenga kutsogolo kwa botolo pomwe alemba zoti mekapu akhala tsiku lonse, koma nkhani yeniyeni ili kumbuyo kuja, pa timalemba ting'onoting'ono tija. M'botolomo mumakhala madzi, kawirikawiri alcohol, ndiyeno ma polymer, ndipo ma polymer amenewa ndi amene amagwira ntchito. Mukapopera, madzi ndi alcohol zimauma, ma polymer aja n'kutsala pankhope ngati kapepala ka pulasitiki kopyapyala kosaoneka ndi maso, komwe kamagwira foundation, phoda ndi blush kuti zisamayende mukayamba kutuluka thukuta. Nde tembenuzani botolo muyang'ane mawu oti PVP kapena acrylates copolymer. Mukapeza kuti mwangokhala rose water, aloe ndi glycerin basi, imeneyo ndi face mist, imaziziritsa nkhope bwino inde koma mekapu siigwira olo botolo litakongola bwanji.

Zinthuzi amazilemba kuyambira chomwe chachuluka kutsika mmunsi, nde mukaona alcohol denat ili pa nambala 1 kapena 2 dziwani kuti ilimo yambiri. Kwa a khungu lamafuta, aja oti ikamakwana 12 koloko mphuno ndi chipumi zayamba kale kunyezimira, zimenezi si vuto kwenikweni, tengani yolembedwa matte kapena oil control, imauma msanga ndipo zina amaikamo silica yomwe imayamwa mafuta. Koma asisi a khungu louma, yomweyo ikukokani nkhope, mekapu n'kuyamba kung'aluka mmbali mwa pakamwa ndi pansi pa maso. Inu funani yolembedwa dewy kapena hydrating, yokhala ndi glycerin kapena hyaluronic acid, ndipo ikakhala alcohol free ndiye bwino kwambiri, kungoti yotereyi siilimba ngati inzake ija, zimenezo muvomereze. Ngati khungu lanu silichedwa kuyabwa kapena kutuluka tiziphuphu, pewani zonunkhiritsa, ndipo muyambe mwayesa kaye pang'ono kunsi kwa khutu musanathire nkhope yonse.

Chinthu china chomwe anthu sachilabadira ndi kamlomo kopoperako. Poperani kamodzi mmwamba muone, izituluka ngati nkhungu. Ikamalavula timadontho tikuluikulu isiyeni, imasiya mawanga pa foundation ndipo kukonza kwake ndi kuyambiranso.

Kapoperedwe kake sikovuta. Malizani zonse kaye, khutchumulani botolo (makamaka za matte zija chifukwa ufa wake umakhazikika pansi), ligwireni patali masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pankhope, tsinzinani, tsekani pakamwa, kenako poperani molemba X ndiyeno T kuti mufike masaya, chipumi, mphuno ndi chibwano. Kanayi kapena kasanu kakwana, sikuti nkhope ichite kuchucha ayi. Mukatero musagwire, musapukute, dikirani pafupifupi mphindi imodzi iume yokha, mukafuna zikupizani ndi dzanja kapena kapepala. Mascara ikhale itauma kale apo ayi mupeza yadinda timizere takuda pazikope.

Ngati tsikulo ndi lalitali, monga la ukwati kapena kovina, poperani kawiri, koyamba mukangomaliza foundation ndi concealer, kachiwiri pamapeto penipeni. Mutha kupoperanso pang'ono pa bulashi musanatape eyeshadow yonyezimira, mtundu umatuluka mowala heavy. Masana nkhope ikayamba mafuta musangothira spray pamwamba, yambani mwadinda ndi tishu kuchotsa mafutawo, mukapanda kutero mukungomatirira mafuta omwewo.

Musayembekezenso kuti spray ikonza zomwe zalakwika pansi. Primer imapita mekapu asanayambe, phoda imayamwa mafuta, spray imabwera kudzatseka, chilichonse ndi ntchito yake, nde ngati mwaunjika foundation yambirimbiri pakhungu losadzola moisturizer idzang'alukabe basi. Spray yolembedwa SPF, kutanthauza yoteteza khungu ku dzuwa, ndiyabwino powonjezera masana koma siilowa mmalo mwa sunscreen, timadontho take ndi tochepa kwambiri. Za hairspray zomwe ena amapopera kumaso zija chonde ayi, anaipangira tsitsi, imaumitsa khungu ndi kuyabwitsa maso. Usiku sukusulani ndi cleanser, makamaka yamafuta kapena micellar water, chifukwa ma polymer ena sachoka ndi madzi okha.