Mmene ndinathetsera vuto la zigawo zolimbana mu CP

Kwa masabata awiri ndinavutika ndi manambala a madzi a m'mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Mulunguzi kuno ku Zomba, amene ndinawasanja m'mbali zitatu: malo, mwezi, ndi zomwe tinayeza m'madzimo. Ndinkawagawa ndi CP, njira ya masamu yophwanya manambala osanjidwa m'mbali zingapo kukhala zigawo zochepa zimene ukaziphatikiza zimayandikira manambala oyambawo, imene katswiri wa masamu Hitchcock analemba mu 1927, ndipo Carroll ndi Chang komanso Harshman anaitulukiranso mu 1970 poitcha CANDECOMP ndi PARAFAC.

Nditasankha zigawo zinayi, ziwiri zinayamba kukula mosalekeza, china kukwera china kutsika, moti pophatikiza zinkafafanizana. Kompyuta inkagwira ntchito usiku wonse koma kulakwa, kutanthauza kusiyana kwa yankho ndi manambala enieni, kunkangotsika pang'onong'ono. Poyamba ndinkaganiza kuti ndalakwitsa polemba pulogalamu, koma vutoli ndi la masamu enieniwo, pakuti akatswiri a masamu de Silva ndi Lim anasonyeza mu 2008 kuti nthawi zina yankho labwino koposa la chiwerengero cha zigawo chimene wasankha silipezeka n'komwe.

Ndinayamba ndi kulinganiza miyeso, chifukwa manambala a matope anali aakulu kwambiri moti ankaphimba ena onse. Kenako ndinatsitsa zigawo kufika pa zitatu, ndipo chimene chinathandiza koposa n'chakuti ndinaletsa manambala otsika kuposa ziro, popeza mchere kapena matope m'madzi sizingakhale pansi pa ziro. Ndinayendetsa ALS, njira yopezera zigawo za CP powerengera mbali imodzi pa nthawi mosinthanasinthana, maulendo 20 kuchokera poyambira posiyanasiyana, ndipo mayankho anagwirizana. Chigawo chimodzi chinatsatira bwino nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene Likangala amafiira ndi dothi lokokoloka m'minda.