Momwe mungasamutsire nyimbo kuchoka mu sequencer n'kuiika pa pepala la kwaya

Achinyamata ambiri a m'makwaya athu kuno ku Harare amapekera nyimbo pa laputopu masiku ano. Amaika besi, ng'oma ndi kiyibodi mu sequencer, pulogalamu yojambulira ndi kusanja nyimbo monga FL Studio kapena Cubase, n'kuponya odiyo pa gulu la WhatsApp kuti aliyense agwire mzere wake. Zimayenda bwinobwino mpaka tsiku limene kwaya ya ku Mufakose yafuna kuimba limodzi ndi ya ku Highfield, kapena woimba lipenga wanenetsa kuti iye sagwira nyimbo ndi khutu, akufuna manoti. Pamenepo nyimbo iyenera kutuluka mu sequencer n'kulowa mu pulogalamu yolembera manoti. Ntchito yake si yovuta, koma yaikulu imachitikira mu sequencer momwemo musanatulutse fayilo. Mukathamangira kutulutsa, mudzakhalira kufufuta usiku wonse.

Pulogalamu yolembera manoti musagule. MuseScore Studio ndi yaulere, ndipo mumaitenga pa musescore.org. Onetsetsani kuti dzinalo lathera pa org, chifukwa tsamba lothera pa com ndi lina, lopezerapo manoti a anthu ena, ndipo kumeneko zambiri n'zolipira. Mawu a zida otchedwa Muse Sounds asiyeni kaye, amadya data yambiri pomwe inu mukungofuna pepala. Ndipo wina akakuimitsani m'tauni ndi fulashi yoti muli mapulogalamu onse a nyimbo pa mtengo wozizira, mudutseni. Ambiri mwa mapulogalamu amenewo ndi obedwa, amabwera ndi mavairasi, ndipo ena amakugulitsani Finale ngati chatsopano pomwe eni ake anasiya kuigulitsa mu 2024. Ngati mulibe sequencer yodalirika, Reaper amakulolani kuiyesa masiku 60, ndipo laisensi ya munthu wamba ndi madola 60.

Njira zosamutsira zilipo ziwiri, MIDI ndi MusicXML. Fayilo ya MIDI ilibe manoti monga timawaonera pa sitafu. Imangosunga kuti batani lakuti ladinidwa nthawi yakuti, mwamphamvu chotere, n'kusiyidwa nthawi yakuti. Noti iliyonse ndi nambala chabe: C wapakati ndi 60, wotsatira ndi 61, ndipo fayiloyo siidziwa ngati 61 ameneyo ndi C sharp kapena D flat. Zonsezo pulogalamu yolembera imachita kuganizira yokha. MusicXML ndiye imanyamula sitafu, kiyi ndi mawu omwe. Cubase, Logic Pro ndi Reaper zimatha kuitulutsa, ndiye ngati muli ndi imodzi mwa zimenezi yambani mwayesa njira imeneyo. Enafe a FL Studio, ndi amene amajambulira pa kiyibodi ya Yamaha PSR n'kusunga pa fulashi, tidzera ku MIDI.

Choyamba sungani nyimbo yanu m'dzina lina, ndipo zonse muzichitira pa kope limenelo. Nyimbo yoti anthu amve ndi nyimbo yoti anthu awerenge n'zosiyana. Mu kope latsopanoli chotsani ng'oma, timaluwa ta gitala, ndi chilichonse chimene palibe munthu adzachiimbe poyang'ana pepala. Mutsale ndi ma track anayi: soprano, alto, tenor, bass, iliyonse ndi dzina lake. Ngati munaimba mawu onse anayi ndi manja awiri pa track imodzi, agaweni panopa, noti ya pamwamba ku soprano mpaka ya pansi ku bass. Pa track iliyonse pazimveka noti imodzi pa nthawi.

Tsopano tafika pamene pamagwetsa anthu ambiri, ndipo apa ndikhalitsapo.

Nyimbo zathu zambiri, makamaka makolasi oomba m'manja, biti yake imagawika patatu. Phazi likagunda pansi kamodzi, pakamwa padutsa timanoti titatu tofanana. Ndi mmenenso zilili nyimbo za mbira za anzathu kuno, zimene akazilemba amawerenga tizigawo 12 pa chiganizo chilichonse. Koma sequencer mukangoitsegula imakhala pa 4/4, ndipo mizere yake imagawa biti pawiri ndi panayi. Pojambula simuona vuto, popeza mukungotsata kugunda kwa metronome ndipo zala zikuchita zimene zinazolowera. Vuto limabwera mukadina quantize, chida chimene chimakokera noti iliyonse pa mzere wapafupi.

Ine zinandichitikira ndi nyimbo ya Pasaka. Mizere inali pa 1/16, ndinadina quantize, manoti onse anafola bwino, ndipo pepala linatuluka looneka mwaulemu ndithu. Pa pulakatisi, mayi wina wa alto amene amawerenga sitafu bwino kuposa tonsefe anaimba ndendende zimene zinalembedwa. Sanafike n'pakati pomwe, anaika pepala pa benchi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nyimboyi si ija munatitumizira. Iyi ikutsimphina." Ankanena zoona. Onani masamu ake. Mu FL Studio biti imodzi imagawidwa tizigawo 96 ngati simunasinthe. Manoti atatu ofanana amagwera pa 0, pa 32 ndi pa 64. Mizere ya 1/16 ili pa 0, 24, 48 ndi 72. Ndiye noti ya pa 32 imakokedwera m'mbuyo pa 24, ya pa 64 n'kukankhidwira kutsogolo pa 72. Manoti atatu amene anali ofanana asanduka yaifupi, yaitali, yaifupi. Pa sipika ya laputopu, ng'oma zikuphimba, khutu limakhululuka. Pakamwa pa munthu wowerenga mokhulupirika sizibisika.

Kusiya osachita quantize sikuthandizanso. Pulogalamu yolembera imayesa kulemba kuchedwa kulikonse kwa chala chanu, ndiye mumalandira masamba mulu odzaza timanoti ta michira itatu, timipumulo tosawerengeka ndi mizere yolumikiza manoti paliponse. Palibe kwaya ingaimbe zimenezo.

Chochita ndi ichi. Musanakhudze kalikonse, imbani nyimboyo mukuponda pansi, muwerenge timanoti tolowa m'phazi limodzi. Mukapeza tiwiri kapena tinayi, quantize ya 1/8 kapena 1/16 ili bwino, pitirirani. Mukapeza titatu, sinthani mizere kaye. Mu FL Studio ikani snap, posankhira katalikirana ka mizereyo, pa 1/3 beat, kapena 1/6 beat ngati muli manoti othamanga. M'mapulogalamu ena muyang'ane 1/8T. Kenako ndiye quantize, track imodziimodzi, mukumvetsera ng'oma zitazimitsidwa.

Mukatulutsa pamenepa, pepala lidzakhala lolondola koma pa biti iliyonse padzakhala kanambala 3 pamwamba, kuyambira poyamba mpaka pothera. Ena amazisiya choncho. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa nyimbo yotere dzina lake ndi 12/8, kapena 6/8, ndipo ikalembedwa m'dzina lake maso amapuma. Kuti ifike pamenepo, sankhani manoti onse m'ma track onse, muwatambasule kuti atalike kamodzi ndi theka. Poyezera pake n'posavuta: zimene zinkadzaza ma bar anayi a 4/4 zidzaze asanu ndi imodzi. Noti ija ya tizigawo 32 tsopano yakhala ya 48, imene ndi quaver wamba, theka la crotchet ya tizigawo 96. Nyimbo idzamveka yozizira, ndiye kwezani tempo kamodzi ndi theka momwemo: ngati inali 100 ikhale 150, ngati inali 80 ikhale 120. Mukatero ikani 12/8. Musadabwe ndi nambala yaikuluyo, MIDI imawerenga tempo ndi crotchet, pomwe inu pa pepala mudzalemba crotchet ya kadontho n'kubwezeretsa 100 uja. Potambasula chitani ma track onse mofanana. Imodzi ikatsala, tinene bass, idzamaliza nyimbo anzake akadali pakati.

Nanga ngati munajambula popanda metronome, mukungotsata mtima? Pali zida zokokera mizere kuti itsate kaimbidwe kanu, koma kwa nyimbo ya kwaya ya mphindi zitatu njira yachidule n'kuimbanso mizere inayiyo ndi metronome, pang'onopang'ono, mouma, osakometsera. Zokometsera zili kale mu odiyo.

Quantize ikakonza poyambira manoti, yang'ananinso pothera pake. Woimba kiyibodi amanyamula chala msanga, ndipo kampata kakang'ono kameneko kamasanduka mpumulo pa pepala. Kapena amachedwa kunyamula, noti n'kulowerera pa inzake, pulogalamu n'kuganiza kuti pali anthu awiri pa mzere umodzi. Mu piano roll ya FL Studio, Ctrl+L imatalikitsa noti iliyonse kuti ikathere pamene inzake yayambira. Mukatero bwererani mufupikitse pamanja malo okhawo amene kwaya imapumiradi mpweya. Amene mumaponda pedulo samalani: khutu limamva noti yaitali, koma mu fayilo ndi yaifupi, ndipo pa pepala idzatuluka yaifupi.

Kanthu kenanso. Nyimbo zathu zambiri woyambitsa amalowa biti yoyamba isanafike, gulu n'kumuyankha pa biti yeniyeniyo. Musakokere mawu a woyambitsawo kumayambiriro kwa bar yoyamba. Asiyeni kumapeto kwake, kutsogolo kukhale mpata, kuti poyankhira gulu pagwere pa chiyambi cha bar yachiwiri. Mukalakwitsa apa, mizere yonse ya ma bar idzakhala pamalo olakwika mpaka kumapeto.

Potulutsa fayilo mu FL Studio, pitani pa Tools, Macros, Prepare for MIDI export, kenako File, Export, MIDI file. Macro imeneyi imachotsa zida zanu zonse n'kuikapo MIDI Out, ndiye n'chifukwa chake tinayamba ndi kope lija. Pulogalamu ikakufunsani mtundu, sankhani format 1, imene imasunga track iliyonse payokha. Format 0 imaunjika zonse pa track imodzi, ngakhale kuti ikhoza kugawikabe ngati liwu lililonse linali pa channel yakeyake. Channel 10 ipeweni, mu General MIDI imeneyo ndi ya ng'oma, ndipo alto wanu adzatuluka ngati manoti a ng'oma. Fayilo ya MIDI ndi yaing'ono kwambiri, imadutsa pa WhatsApp ngati document popanda vuto. Ine ndimaidalira njira imeneyi kuposa mafulashi a m'misewu olembedwa 64GB amene mkati mwake mulibe malo amenewo: amalandira fayilo bwinobwino, tsiku loifuna n'kupeza siitseguka.

Mu MuseScore, musanatsegule fayilo, lowani mu Preferences, pa Import, muike Shortest note pa noti yaifupi kwambiri imene ilidi m'nyimbo yanu. Kenako File, Open. Ikatseguka pa 4/4 pomwe inu munakonza 12/8, ikani 12/8 pa bar yoyamba, idzagawanso yokha. Fayilo yotsegukayo ine sindigwirirapo ntchito. Ndimatsegula pepala latsopano la SATB (soprano, alto, tenor, bass) pa ma template a Choral, n'kuika kiyi ndi 12/8, n'kukopera mzere uliwonse kupita kwawo. Limatuluka laudongo kuposa kukonza lobwera ndi MIDI.

Ikani kiyi yolondola musanayambe kulimbana ndi ma sharp ndi ma flat, ambiri adzachoka okha. Otsalawo, sankhani noti n'kudina J, isintha kalembedwe osasintha kamvekedwe. Tenor amalembedwa pa treble clef ya ka 8 pansi, ndiye muone ngati wakhala pakati pa sitafu. Ngati wathawira m'mwamba kapena pansi, mwina munamuimbira pa octave ina pojambula, Ctrl ndi muvi zimubweza. Pa nkhani ya octave musadalire mayina: noti 60 ija FL Studio imaitcha C5, Yamaha imaitcha C3, MuseScore imaitcha C4. Bar yoyamba ija ya woyambitsa ifupikitseni mu Measure properties. Wa lipenga la B flat mumuonjezere sitafu ya chida chakecho, mukopere manoti, ndipo batani la Concert pitch likhale lozimitsa posindikiza kuti manoti ake akwere toni imodzi monga amawerengera.

Mu MuseScore, mawu a nyimbo ndi Ctrl+L pa noti yoyamba. Kamzere (-) kamakupititsani pa silabo yotsatira, space pa liwu lotsatira. Dulani monga timaimbira, A-mbu-ye, osati Am-bu-ye, ndipo pamene kwaya imameza mawu awiri pa noti imodzi lembani momwe imamezeramo. Ikani zizindikiro zobwereza m'malo molemba kolasi katatu, masamba achepe.

Sungani pafupipafupi, magetsi sachenjeza. Tulutsani PDF, musindikize kope limodzi lokha, mupite nalo kwa munthu mmodzi wowerenga sitafu amene sanamvepo odiyo, aliimbe inu mukumvetsera. Akadutsa bwino ndiye kachititseni fotokope, n'yotsika mtengo kuposa kupulinta tsamba lililonse, ndipo werengeranitu masamba kuti ndalama ikwane dola yathunthu chifukwa tchenji m'tauni ndi nkhani ina. Kwa amayi ndi abambo amene anakulira solofa ya m'buku la nyimbo, d r m ndimawalembera pamanja pamwamba pa sitafu ndisanachite fotokope.