Momwe mungajambulire chinkhoswe ndi ukwati pamwamba pa phiri la Zomba

Achinyamata ena masiku ano atopa nazo zithunzi za pakapinga wa kuholo, kumbuyo kukuoneka mipando ya pulasitiki ndi mawaya a DJ. Amabwera foni ili m'manja kudzakuonetsani za pa Instagram: mkwatibwi waima pathanthwe, velo ikuuluka ndi mphepo, dziko lonse lili kunsi kwa mapazi ake. Ife a ku Zomba malo otere sitichita kusaka, phiri tili nalo pakhomo. Ndakwerako kangapo ndi akwati, ndipo izi ndikulembera anzanga omwe kamera amaidziwa kale. Za ISO ndi aperture sindiphunzitsa pano. Ngati zimenezo zikukuvutanibe, yambani mwajambula maukwati a m'tchalitchi.

Choyamba: ankhoswe kaye, kamera pambuyo

Awiriwo akanena kuti akufuna kutchire, afunseni kuti tchire lake liti. Ena amakhala akunena ku Botanic Gardens m'munsi mwa phirimu, komwe munthu amayenda ndi gogoda osapunthwa. Ena amanenadi kumphepete kwenikweni kwa phiri. Funsaninso kuti kubwera anthu angati, ndipo wamkulu pa onsewo miyendo yake ili bwanji. Chinkhoswe si cha anthu awiri. Pamakhala amalume a mbali zonse, azakhali, agogo, tambala ndi thadzi, mkeka, lichero, khasu, nkhwangwa, ndipo zonsezi ziyenera kukafika pamalopo. Ine ndimalangiza kuti mwambo weniweniwo uchitikire pofika galimoto, monga cha ku damu la Mulunguzi, kenako gulu likayamba kudya, awiriwo ndi ine tizembe kupita kutali.

Akasankha Chingwe's Hole, dzenje lakuya lomwe lili pamwamba pa phirili, auzeni akakambirane kaye ndi akuluakulu. Malowo ndi okongola, chigwa cha Shire chimaoneka chonse, koma nthano ya dzenjelo aliyense wa kuno amaidziwa, yoti kalelo ankaponyamo anthu. Amalume a mkwatibwi wina anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, banja sitimangira pamanda." Nkhani inathera pomwepo. Za abusa nazonso mufunsiretu, chifukwa si mpingo uliwonse umalola kudalitsa ukwati kunja kwa tchalitchi. Ambiri amamangitsa kutchalitchi kapena kwa DC, kuphiri n'kukangochitirako malonjezo awo ndi zithunzi.

Tengani theka la ndalama ngati chikole, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Musaope kunena, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mtengo womwe mwatchula ukhale ndi tsiku lothera mphamvu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, enafe tinajambula maukwati a Disembala pamtengo wogwirizana mu Ogasiti, ndipo pofika potsukitsa zithunzi tinachita kupisa m'thumba mwathu. Galimoto ndi mafuta zikhale za eni ukwati, ndipo zilembedwe papepala. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, choncho ngati pali gulu, matenti ndi zokuzira mawu, kaonaneni kaye ndi a zankhalango. Pabwalo la hotela ya Ku Chawe kapena loji ina iliyonse mukapemphenso kwa eni ake.

Chachiwiri: kwerani nokha tsiku lina, pa ola lomwelo

Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View yoyandikana nayo, zinayang'ana chakum'mawa, ku nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Amenewo ndi malo a m'mamawa. Mukapitako nthawi ya madzulo mupeza dzuwa lapendekera kale kuseri kwa phiri, akwati ali mumthunzi pomwe kumbuyo kwawo kukuwala kwambiri. Mbali ya Chingwe's Hole ndiyo ya dzuwa lolowa. Kumbukiraninso kuti kuno dzuwa silichedwa panjira. Mu Juni ndi Julaye limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane 5:30, ndipo kuwala kofiirira kuja komwe anzathu a ku Ulaya amakukamba pa YouTube ngati ola lathunthu, kwathu kuno kumatha mukadakonza tayi ya mkwati.

Tara amathera cha ku Ku Chawe. Kupitirira apo ndi misewu yafumbi yomwe malole onyamula mitengo anaikumbakumba, ndiye musakhulupirire alamu a mkwati akamati Sienta yawo imafika paliponse. Werengani nthawi yomwe mwatenga kukafika, muwonjezerepo theka lake chifukwa cha diresi.

Nyengo yabwino kwa ine ndi kumapeto kwa Epulo ndi Meyi. Mvula yaleka, kudakali kobiriwira, mathithi a Williams ali ndi madzi ambiri, mpweya uli mbee. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba chilichonse, Mulanje osaoneka n'komwe. M'dzinja, walira mvula walira matope. Tsiku lokayenderalo mutengenso nambala ya mmodzi mwa anyamata operekeza alendo omwe amakhala cha ku Ku Chawe. Chifukwa chake muchimva pansipa.

Chachitatu: katundu

Makamera awiri, iliyonse ili kale ndi lenzi yake: ina ya 35mm, ina ya 85mm kapena 70-200. Ngati muli ndi imodzi, bwerekani. Mabatire tchajani dzulo lake masana, musadikire usiku ndi magetsi athuwa, ndipo pamwamba muwasunge m'thumba la malaya chifukwa kuzizira kumawamaliza msanga. Reflector, chobwezera kuwala pankhope, ngati mulibe, chotchingira dzuwa cha pagalasi la galimoto, chasiliva chija, chimagwira ntchito yomweyo pamtengo wochepa.

Memory card musagule kwa anyamata oyenda nazo m'manja. Ndinagulapo ina yolembedwa 64GB pamtengo wokoma, ndipo mwamwayi ndinaiyesa ndili kunyumba. Inkalandira zithunzi ngati yabwinobwino, koma zopitirira malo ake enieni zinali zosatsekuka. Khadi yatsopano iliyonse idzazeni kaye mpaka kukamwa ndi pulogalamu yoyesera makhadi ngati H2testw musanapite nayo kuukwati wa munthu.

Mkwatibwi auzeni kuti, "Achemwali, gogoda akhale m'jumbo, mukwere ndi nsapato zafulati." Zitenje ziwiri zisasowe, china chotchingira posintha zovala, china choyala pathanthwe kuti diresi isade. Majuzi nawonso.

Chachinayi: chifunga, chomwe chinandichititsa manyazi

Unali mwezi wa Julaye. Malonjezo anayenera kuchitikira pa Emperor's View 8 koloko m'mawa. M'tawuni munali kadzuwa ndithu, ndipo sindinavutike kukweza maso kuona kuti nsonga ya phiri yavala chipewa. Mkwatibwi anachedwa kusaluni, monga mwa nthawi zonse, moti tinafika pamwamba 11 koloko ili pafupi. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wosakwana mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira 2,000. Kusiyana kumeneko si kwa masewera. Titatsika m'galimoto tinapeza chiperoni chatidikirira: mphepo yozizira, mvula yamawawa, chifunga choti munthu waima pamtunda wa mamita 10 akungooneka ngati mzukwa. Chilwa kulibe, Mulanje kulibe.

Koma chifungacho sichomwe chinandipha. Ndinaima panja pafupifupi theka la ola kudikira kuti mwina kuyera, kamera ili pakhosi, ikuzizira limodzi ndi ine. Zala zitauma ndinathawira m'galimoto momwe munali operekeza mkwatibwi asanu, mawindo otseka, hita ili pamwamba. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wachinyezi limachita thukuta, ngati botolo la Fanta lochokera mufiriji. Ndinapukuta kutsogolo kwa lenzi, osasintha. Thukutalo linali m'kati, chifukwa lenzi ya zoom ukamaipotokola imakoka mpweya wa kunja. Apa ndiye ndinapusa kachiwiri: ndinachotsa lenzi m'galimoto momwemo kuti ndipukute kumbuyo kwake, ndipo chinyezi chinalowa mpaka m'mimba mwa kamera.

Nthawi yomweyo abusa anagogoda pawindo. "Bambo wojambula, tiyeni timalize, agogo azizidwa." Ndikanawayankha chiyani? Kamera ina ndinalibe tsiku limenelo. Ndinajambula ndithu, koma chithunzi chilichonse chinali ngati ndachijambulira m'bafa mwa madzi otentha. Kuvekana mphete komwe banjalo lili nako lero kunajambulidwa ndi foni ya mng'ono wa mkwati. Lenzi inayera yokha patapita mphindi zoposa 40, anthu akutsegula mapoto a mpunga. Ndinabweza gawo la ndalama osadikira kuti andifunse, ndipo mayi a mkwatibwi mpaka lero tikakumana kumsika amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Ndiye chitani izi. M'mamawa, mkwatibwi asanavale n'komwe, imbirani mnyamata uja wa ku Ku Chawe akuuzeni momwe kwachera pamwamba. Wokonza tsitsi akwere nanu limodzi, kapena tsitsi likonzedwe dzulo lake. Kamera ikazizira, ikhale kozizira komweko: m'chikwama, kubuti, osati pamiyendo panu pafupi ndi hita. Ngati n'kofunika kulowa nayo kofunda, ikulungeni kaye mujumbo yokhuthala muli panja, mumange pakamwa, ndipo musamasule kufikira itafunda. Thukuta lidzagwira jumbo m'malo mwa galasi. M'chikwama muziponyamo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Ogulitsa nsapato amangotitaya, mukapempha amakupatsani ulere. Pamawawa lenzi sitisintha, n'chifukwa chake ndanena makamera awiri. Ambulera agwire wina.

Ndipo mugwirizaniretu ndi ankhoswe malo achiwiri, chifukwa pachifunga palibe amene amaganiza bwino. Malo anga achiwiri ndi m'mapaini. Chodabwitsa n'chakuti zithunzi zomwe anthu amandiyamikira kwambiri ndi za m'chifunga momwemo, zomwe ndinajambula chaka chotsatira nditaphunzira: mitengo ili ndondondo kuzimirira kumbuyo, awiriwo afundira chitenje chimodzi chofiira. Kamera ikaona zoyera zokhazokha imadetsa chithunzi, ndiye onjezani exposure, kuwala kwa chithunzi, ndi +1 kapena kucheperako pang'ono. Autofocus, yomwe imalunjikitsa lenzi yokha, imasochera, choncho sendezani pafupi muilozetse pankhope kapena pakolala ya suti.

Chachisanu: kujambula kwenikweni

Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona. Diresi loyera ndi khungu lathu lakuda pachithunzi chimodzi ndi nkhondo yakale: tetezani diresi kuti lisayere mopitirira muyeso pachithunzi, nkhope muiwalitse ndi reflector. Pansi pa mitengo khungu limatenga kamtundu kobiriwira, mudzakonza pakompyuta. Pa mathithi a Williams miyala ndi yoterera ngati therere. Madzi osalala ngati thonje amafuna shutter yochedwa kutseka, ya 1/15 ya sekondi kapena kuchedwerapo, kamera ili pa tripod, choimikapo cha miyendo itatu chija, akwati osagwedezeka. Muyese kanayi kapena kasanu basi, diresi lisananyowe.

Kumphepete kwa phompho musamuimike munthu penipeni. Aime masitepe angapo m'kati, inu mugwade pansi ndi lenzi yaitali, chithunzi chidzanama chokha kuti ali pansonga. Musanayale chitenje yang'anani linthumbu, ndipo nyengo yachilimwe chenjerani ndi chitedze m'mbali mwa njira. Mkwati akakhudza chimenecho, ukwati watha. Chakudya chisasiyidwe poyera, anyani sadikira kuitanidwa.

Pachinkhoswe zomwe sizibwerezedwa ndi zitatu: mkwati akamavundukula atsikana ofunditsidwa zitenje kufuna wake, ankhoswe akamapatsana nkhuku, ndi nkhope za agogo nthungululu zikamalira. Imani kumbali kwa amalume, osati kutsogolo kwawo. Pelekanipelekani pamphepo ya paphiri ndi chipwirikiti, ndalama zimauluka, kwezani shutter kufika 1/500 ndipo mudzaseka pozikonza. Kudamu musalole zomwazamwaza za pulasitiki, madzi amenewo ndi omwe timamwa m'tawuni.

Drone imafuna chilolezo cha a zandege, ndipo m'munsimu muli State House ndi Cobbe Barracks. Ine ndinaisiya.

Zotsalazo

Tsikani kusanade. Mastroberi a m'mbali mwa msewu gulani potsika, pokwera adzathimbiriritsa diresi. Mukafika kunyumba koperani zithunzi malo awiri musanavule nsapato, ndipo khadi musaifufute mpaka ntchito itaperekedwa. Zithunzi zisanu zabwino atumizireni usiku womwewo kuti asakuvutitseni ndi mafoni. Pa WhatsApp zitumizeni ngati document, apo ayi zifika zophwanyika. Zina zonse patapita masabata omwe munalemba papepala paja, ndalama yotsala italowa kaye, pa flash yomwe simunagule kwa mnyamata uja wa memory card.